Magetsi a chifunga pa njinga yamoto: zomwe ndaona patatha miyezi 9

Ndimakhala ku Thyolo koma ndimagwira ntchito ku Limbe, ndiye tsiku lililonse ndimanyamuka cha m'ma 5 koloko m'mawa pa njinga yanga ya 150cc, kudzera pa Bvumbwe mumsewu wa M2. Amene amaudziwa msewu umenewu m'miyezi ya June ndi July akudziwa chimene chiperoni amachita. Mphepo yozizira ija ikabwera kuchokera mbali ya Mozambique, komwe kuli phiri la Chiperone, chifunga chimakuta minda ya tiyi, mvula yamawawa ikuwaza, ndipo munthu wapanjinga yakapalasa wonyamula matumba a makala umamuona utamufika kale. Ndinaika magetsi owonjezera mu April chaka chatha, ndipo pano adutsa m'chiperoni, m'fumbi la October ndi mvula ya dzinja lino.

Ndiyambe ndi kulakwitsa kwanga, chifukwa ndi komwe anthu ambiri amagwera. Magetsi oyamba ndinagula pa shopu ina ku Limbe: awiri, oyera mbee, aja amaponya kuwala patali ngati tochi. Mnyamata wogulitsa anawalumikiza ku batire masana dzuwa likuswa mtengo, ine n'kuthobwa m'maso, ndipo anati, "Bwana, awa ndiye mwapha, usiku ukhala ngati masana." Ndinawamangirira pafupi ndi nyali yaikulu. Usiku kukakhala kuli mbee ankaoneka patali ndithu. Koma m'mawa woyamba wa chifunga, nditangodutsa m'minda ya tiyi, ndinawayatsa ndipo kutsogolo kwanga kunangoima chikhoma choyera. Chifunga ndi timadontho ta madzi, ndiye kuwala kukachokera pafupi ndi maso ako n'kuloza m'mwamba, timadontho tija timakubwezera m'maso momwemo. Ndinawazimitsa ndipo ndinkaona bwino ndi nyali yakale ija. Patatha milungu itatu ndinawachotsa.

Amene ndili nawo pano ndi a LED, achikasu, olembedwa 3000K pa bokosi, nambala yosonyeza mtundu wa kuwala kwake. Koma chimene ndinawasankhira si mtundu. Ndinapempha wogulitsa kuti awaunikitse pakhoma m'kati mwa shopu, ndipo kuwala kwake kunatuluka kophwatalala, kotambasukira uku ndi uku, kodulidwa mzere wowongoka pamwamba pake. Mzere umenewo ndiye nkhani yonse. Kuwala sikukwera kukasokosa chifunga chili kumaso kwako, kumayenda chokwawa pamwamba pa tala. Ngati mukugula, musalole kuti akuyatsireni kumaso. Auzeni aunikitse pakhoma. Mukaona kadontho kozungulira kowala kwambiri pakati, dziwani kuti amenewo si a chifunga, ngakhale pa bokosi atalemba choncho.

Za chikasu, anthu amati chimaboola chifunga. Ine sindinaone kuti ndimaona patali kuposa ndi oyera a mtundu womwewo, omwe mnzanga wa kabaza ali nawo. Chimene ndaona n'chakuti maso satopa, ndipo tala akanyowa sanyezimira mopweteka ngati mmene amachitira ndi oyera a 6000K. Komanso madalaivala a minibasi ndi malole amandizindikira msanga, chifukwa magetsi awiri achikasu pansi ndi nyali imodzi pamwamba sangawasokoneze ndi galimoto yakufa diso limodzi.

Tinawamangirira m'munsi, pa chitsulo choteteza miyendo chija, cha m'mawondo. Makaniko wanga, bambo wachikulire amene ndakhala naye zaka zambiri, anandiuza kuti ndikhale pa njinga usiku, itayang'ana khoma pa mtunda wa mamita 5, iye n'kumasuntha nyali mpaka mzere wa kuwala uja unatsika pang'ono kuyerekeza ndi msinkhu wa nyali zenizenizo. Ya kumanja anaiweramitsa kwambiri, chifukwa kuno timayenda kumanzere ndipo obwera kutsogolo amadutsa mbali imeneyo. Ya kumanzere anaitembenuzira pang'ono m'mbali mwa msewu. Imeneyi ndi imene yandithandiza kopambana: imandionetsa pothera tala, maenje a m'mphepete, ndi miyendo ya anthu opita kothyola tiyi m'bandakucha ndisanaone nkhope zawo.

Nkhani ya batire ndi imene ndikufuna anzanga a njinga zing'onozing'ono aimvetse. Nyali iliyonse mwa izi imadya mawati 10, ndiye pa mavoti 12 ziwirizo pamodzi zimakoka ma amp osafika 2. Babu limodzi la halogen la mawati 55, ngati aja a m'galimoto, limakoka oposa 4 lokha, ndipo njinga yaing'ono siitchaja mokwanira kudyetsa awiri otero. Chinanso, pa njinga zambiri zotere nyali yaikulu imatenga moto kuchokera ku injini, moto wa AC womasinthasintha kolowera, pamene LED imafuna DC, moto wolowera mbali imodzi ngati wa batire. Ndiye musadule waya wa nyali yaikulu n'kulumikiza pamenepo. Ife tinatenga moto ku batire, tinaika fyuzi ya 5A pafupi ndi batire pomwepo, kenako relay, kaswichi kamene kamalola moto kudutsa pokhapokha kiyi akayatsidwa. Relay imeneyi poyamba ndinkaiona ngati kuwononga ndalama, mpaka tsiku lina ndinasiya swichi ili yoyatsa tsiku lonse kuntchito, ndipo madzulo njinga inalira kamodzi n'kamodzi. Batire ndi lomwe lija, silinafookepo. Ndikaima nthawi yaitali injini ikulira pang'onopang'ono, ndimawazimitsa.

Zovuta zilipo. Mu August tizitsulo tomangirira timene tinabwera m'bokosi tinayamba kugwedera, ndipo kamodzi kanang'aluka pa bawuti chifukwa cha kanjira kafumbi kochokera kwathu kukafika pa tala. Wowotcherera zitsulo anandipangira tina tochindikala, ine n'kupanirapo kachidutswa ka chubu chakale, ndipo kuyambira pamenepo sizinasunthenso. Mabawuti ake anachita dzimbiri mvula itangoyamba. Mu December nyali ya kumanzere inayamba kuchita thukuta m'kati mwa galasi, ngakhale pa bokosi panalembedwa IP67, kutanthauza kuti fumbi ndi madzi siziyenera kulowa. Madzi ankalowera polowera waya kumbuyo. Ndinaiumika padzuwa tsiku lathunthu, ndinamata silikoni, ndipo mpaka pano ili bwino. Swichi ya pa chiwongolero ndiye ndinasintha kale kamodzi.

Popeza ali pansi, matope amawamata msanga, ndipo galasi likada mzere uja umasokonekera, kuwala n'kumamwazikira m'maso mwa anthu. Ndimayenda ndi kansalu pansi pa mpando, ndipo ndimawapukuta ndisananyamuke.

Chimene sanandipatse magetsi amenewa ndi liwiro. Chifunga chikakhuthala pakati pa Thyolo ndi Bvumbwe ndimayendabe pang'onopang'ono ngati kale, chifukwa amaunikira mamita ochepa chabe a kutsogolo ndi m'mbali. Amene akufuna kuona patali usiku wopanda chifunga asawerengere amenewa. Koma kale ndinkafika ku Limbe mapewa atauma chifukwa cholimbitsa manja pa chiwongolero, ndikusakasaka mzere wa msewu. M'mawa wina wa July ndinaona matayala a njinga yakapalasa yonyamula zigubu za mkaka, yopanda chonyezimira chilichonse, nthawi ikadalipo yoti ndiipatuke bwinobwino. Akadzafa ndidzagula a mtundu womwewu, koma ndidzamatiratu silikoni ndi kusinthiratu tizitsulo tija ndisanawaike.