Fulaye ndi chipako, kapena magemu a pafoni?

Mwana akaweruka kusukulu, makolo ambiri amakhala ndi zisankho ziwiri: kumulola apite kubwalo kukasewera ndi anzake, kapena kumupatsa foni kuti akhale phee m'nyumba.

Ndalama: mpira wa fulaye amaukulunga ndi majumbo otha ntchito, chipako ndiye sichifuna kalikonse. Foni imafuna bandulo komanso kutchaja, ndipo galasi likasweka thumba limalira.

Thupi: bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Pa fulaye zimenezi zimatheka mwana osazindikira n'komwe. Amazinda mpira, kudumpha, kuthamangira kudzaza mchenga m'botolo, ndipo pobwera amakhala ali mbuu ndi fumbi, njala itamugwira. Nsima samakana, tulo samachita kunyengereredwa. Wa pafoni zimagwira ntchito ndi zala zokha.

Chitetezo: apa foni imapambana pang'ono. Kubwalo kuli zilonda za m'maondo, ndipo ena amasewerera m'mphepete mwa msewu.

Ngati pafupi pali bwalo ndi ana anzake, mutulutseni. Foni isungireni tsiku la mvula kapena pamene akudwala, ndipo wosakwana zaka 5 asapitirire ola limodzi patsiku.