Kugula sofitiweya kapena kuchepetsa masiginecha?

Ntchito ikamachedwa mu ofesi mabwana amathamangira kugula sofitiweya yatsopano, ine ndimati dikirani kaye. Ndi yabwino inde, fomu siyisowanso pa desiki, mumaona pa kompyuta kuti yaima kwa ndani, koma imadya ndalama, anthu afunika treningi, ndipo ngati invoisi imadutsa kwa anthu 5 idzadutsabe kwa 5 omwewo, kungoti pa sikirini.

Njira inayo ndiyotchipa, ine ndingayambire pamenepo. Tengani invoisi imodzi muitsate mpaka kulipidwa, aliyense mumufunse kuti amasainiranji. Mupeza ena akungosaina poti anazipeza zili choncho. Chovuta chake ndi anthu, bwana mukamuchotsera siginecha amaona ngati mwamunyoza, ndiye pamafunika kukhala naye pansi kaye.