Tinaonera Den of Thieves ku vidiyo ya ku Chinamwali, mkangano unafika mpaka pa chiwaya

Loweruka lapitali alamu anga anandikokera ku vidiyo ina chakumsika kwa Chinamwali kuno ku Zomba, nde ndati ndilembe zimene ndinaona chifukwa anthu ambiri mumaganiza kuti malo amenewa anatha kalekale mafoni atachuluka. Sanathe ayi. Dzina la malowo sinditchula. Ndi kanyumba ka njerwa zootcha, denga la malata, mkati mabenchi a matabwa ndi TV ya fulati yaikulu ndithu imene anaikhomera m'mwamba kuti wakumbuyo naye aziona. Panja pali sipika yoitanira anthu ndi kabolodi kolemba ndi choko, masana mpira, madzulo filimu. Pakhomo tinalipira K300 aliyense, ndipo mnyamata wotolera ndalamayo ndi waulemu, anatipezera malo pafupi ndi zenera ataona kuti alamu ndi achikulire.

Filimu yake inali Den of Thieves ya 2018, yomasulira m'Chichewa, zija amakatenga kwa anyamata obena m'tauni n'kuika mu fulashi. Amene simunaonere mundikhululukire chifukwa ndiulula mathero, palibe mmene ndingafotokozere mkanganowo osafika kumeneko.

Nkhani yake ikuchitikira ku Los Angeles. Mbali ina kuli gulu la achifwamba, mtsogoleri wawo Merrimen, munthu woti anakhalapo msilikali ndipo wangotuluka kumene kundende, m'gulumo mulinso 50 Cent, moti atangoonekera pa sikirini nyumba yonse inakuwa ngati chalowa chigoli. Mbali inayi kuli wapolisi amamutcha Big Nick, ndi Gerard Butler uja wa mu filimu ya 300, koma muno wanenepa, ndevu zosapesa, maso ofiira, chimowa daily. Poyambirira penipeni achifwamba aja akuukira galimoto yonyamula ndalama pa shopu ya madonasi, akupha anthu, kenako zikudziwika kuti galimotoyo inali yopanda kanthu mkati. Apa ndi pamene anthu anayamba kufunsana kuti kodi amenewa ndi amisala, kupha anthu chifukwa cha galimoto yopanda ndi tambala yomwe? DJ womasulira anangoti dikirani abale anga, khasu limagulidwa mvula isanagwe. Ndinamukonda pomwepo.

Ndinene za DJ ameneyu chifukwa theka la K300 yanga ndinalipirira iyeyo. Pulani ya achifwamba mu filimuyi ndi yovuta kuitsata ngakhale kwa munthu woti Chingerezi amachimva. Sakufuna banki wamba, akufuna Federal Reserve, imene tinganene kuti ndi Reserve Bank yawo, ndipo ndalama zimene akuzifuna ndi zakale zothaitha, zokwana 30 miliyoni madola, zimene manambala ake amawafufuta mu kompyuta zisanapite ku makina oziduladula. Ndiye kuti ukaba zimenezo palibe angazifunefune chifukwa m'mabuku zinafa kale. DJ anafotokoza zonsezi ndi chitsanzo cha ma K100 aja omata ndi selotepi amene timakanirana nawo mu minibasi, kuti akafika ku Reserve amakawaononga n'kutulutsa atsopano. Mayi wina amene anakhala kutsogolo kwanga, ndikuganiza amagulitsa tomato chifukwa beseni anali nalo pamiyendo, anatembenuka n'kuuza mnzake kuti nde si kuba kumeneko, akutola zotaya. Mayi ameneyu Chingerezi sindikudziwa ngati amamva koma pulani yonse anaigwira bwinobwino kuposa ineyo tsiku limene ndinaonera ndekha pa foni.

Koma DJ yemweyu analakwitsa chinthu chimodzi chachikulu ndipo chinandipweteka. Muli mnyamata wina Donnie, woyendetsa galimoto wa gululo amenenso amagwira ntchito mu bala, amasewera ndi O'Shea Jackson Jr, mwana wa Ice Cube. Filimu yonse amaoneka ngati wamantha, apolisi akumugwira n'kumumenya kuti aziwauza zinsinsi, achifwamba nawo akumukayikira, ali pakati ngati mbuzi ya pa mlandu. Kumapeto ndi pamene umadziwa kuti mwini pulani yonse ndi iyeyo. Nde DJ wathu chiyambire pa theka amangoti mumuyang'anitsitse mwana ameneyu, ameneyu si munthu, mudzandiuza. Kanayi konse. Pofika kumathero anthu anali atadziwa kale, kudabwa kuja kunatha mphamvu. Achimwene omasulira ngati mukuwerenga, chonde ntchito yanu ndi yabwino koma musamatsogole nkhani. Komanso pa nthawi ya mfuti muzikhalako chete pang'ono, kulira kwa zipolopolo mu filimu imeneyi anakukonza mwaluso, sikufunika kuthiridwa ndemanga paliponse.

Tsopano za anthu. M'nyumbamo munagawikana pawiri ndipo sizinatenge nthawi. Anyamata a kabaza amene anadzaza mabenchi akumbuyo onse anali a Merrimen. Akuti ndi dolo, salankhula zambiri, sataya anzake, amadzuka n'kukachita zimene wanena. Akaoneka Big Nick amamuwooza. Ndipo kunena zoona Nick amapereka mpata woti umude, amalowa pamalo pamene pafa anthu n'kutola donasi kumadya, amagona kunja, mkazi wake akupeza uthenga pa foni n'kulongedza katundu kunyamuka ndi ana. Pamene mkaziyo amatuluka m'nyumba azimayi anayi amene analimo anaomba m'manja, mmodzi anati wachedwa nako kuchoka. Koma pali malo ena Nick akupita kusukulu kukaona mwana wake wamkazi pa mpanda, akabwerera mu galimoto n'kuyamba kulira yekha, apo nyumba yonse inati zii, ndi a kabaza omwe.

Amene anaima ndi wapolisi anali ochepa, koma munali madala ena a imvi amene anthu amangowatcha a Sajeni, akuti anapuma usilikali ndipo sajomba filimu ya mfuti. Iwowa sanali kuonera nkhani ngati ife, amaonera manja. Pa nkhondo yomaliza ija imene ikuchitika magalimoto atathithikana pamsewu, amatilozera kuti taonani, wina akuombera mnzake akusuntha, kenako akusinthana, taonani akusintha magazini asanadzuke. Akuti mafilimu ambiri munthu amaombera zipolopolo zosatha ngati mpopi wa madzi koma muno mfuti imatha ndipo munthu amaoneka kuti watopa. Zomba ndi tauni ya asilikali ndi apolisi, Cobbe Barracks ili pompano, Police College ili pompano, ndende yaikulu ija nayo ili pompano, nde filimu ngati iyi ukamaonera kuno sudziwa kuti wakhala pafupi ndi ndani. Mwina n'chifukwa chake mkangano wake unali wa mphamvu chonchija.

Magetsi anazima filimu ili pakatikati, pamene achifwamba agwira anthu mu banki ina yaing'ono pofuna kupusitsa apolisi kuti onse athamangire kumeneko. Jenereta ilipo koma inatenga mphindi mwina 15 kuti ilire, mafuta anachita kukagula pomwepo. Apa mwini malo akonze, munthu wolipiritsa pakhomo mafuta azikhala nawo kale. Kutenthanso m'katimo ndi nkhani ina, zenera ndi limodzi, pamwamba malata, anthu oposa 40, ndipo filimuyi ndi ya maola awiri ndi mphindi 20. Fani imodzi yokha ingasinthe zambiri. Chimbudzi palibe, umachita kupita cha kumsika.

Komabe mphindi za mdima zija ndi zimene sindidzaiwala. Anthu anayatsa matochi a mafoni n'kuyamba mlandu. Mnyamata wina wa ku Chanco, amakhala ku Chikanda, anati filimuyi angokopera Heat ya 1995 ija ya Al Pacino ndi Robert De Niro, mzinda womwewo, wapolisi wa banja losokonekera, wakuba wa mwambo, basi. Ndikugwirizana naye pang'ono, kufanana kulipo ndithu, koma palibe anamumvera chifukwa ambiri Heat sanaionere. Bambo wina ndi amene anayatsa moto. Anati inu mukudabwa ndi amenewa, kuno mu 2013 anthu anatulutsa mabiliyoni ku Capital Hill pa Cashgate opanda kuphulitsa chitseko, amangolemba mu kompyuta kuti alipira katundu amene sanabwere n'komwe, ndalama n'kumapezeka m'mabuti a magalimoto, pamene m'zipatala mulibe ndi panado yemwe. Akuti bola awa akuika moyo wawo pachiswe ndipo akuba zokatayidwa. Anthu anavomera mwamphamvu.

Ine apa ndi pamene ndinalephera kukhala chete. Malume anga anagwira ntchito ya ulonda zaka zambiri, usiku wina achifwamba anawamanga ndi waya n'kuwatema ndi chikwanje pa phewa, mpaka lero dzanja lamanzere silikwera bwino, ndipo malipiro awo pa mwezi sankakwana ndi thumba la fetereza lomwe. Nde ndinafunsa kuti anthu aja aphedwa pa shopu ya madonasi poyamba paja, mwawaiwala? Anali pa ntchito ngati malume anga, kunyumba anasiya ana. Filimu imawaonetsa mphindi imodzi basi kenako tonse tili kalikiliki kusirira Merrimen mmene amayendera. Ndipo chimene chimandivuta kwambiri ndi ichi, anyamata omwewa amene akuombera m'manja munthu wakuba mamiliyoni ndi mfuti, wina akagwidwa ataba foni pa depoti ndi oyamba kuthamanga ndi miyala n'kumafuula kuti bweretsani petulo. Ndinawafunsa kuti zimenezi zimagwirizana bwanji. Mmodzi anandiyankha mosabisa, anati akulu, wa foniyo wabera ine, Merrimen wabera boma. A Sajeni anangopukusa mutu n'kunena kuti chipolopolo sichifunsa kuti ndalama ndi za ndani. Jenereta inalira tisanamalize.

Kwa ine ubwino wa filimuyi ndi womwewo, siikusankhira munthu woti umukonde. Wapolisi ndi woipa m'makhalidwe koma ntchito yake ndi yoyenera, wakuba ndi wodzisunga, wokonda anzake, koma amapha. Ngakhale 50 Cent amene akuombera apolisi ndi yemweyo akumuonetsa ali bambo kunyumba, akumutengera mnyamata wodzatenga mwana wake wamkazi mu galaja modzaza ziphona kuti amuopseze, pamenepo anthu anaseka mpaka misozi ndipo bambo wina anati ndi mmene zimafunikira. Pofooka pake ndi pakati, imakoka kwambiri, pali malo ena Nick ndi Merrimen akungoyang'anizana osanena kanthu ndipo ena anatuluka kukagula mafilizi. Azimayi mu filimuyi alibenso gawo lenileni, amangooneka polira kapena povutitsidwa. Koma kuyambira pamene Donnie akulowa mu Federal Reserve atabisala m'chibokosi cha ndalama, n'kutulukamo ngati wobweretsa chakudya, ndalama zitapita ndi galimoto ya zinyalala, palibe anasuntha pa benchi.

Merrimen akufa kumapeto, akudzutsa mfuti yopanda zipolopolo dala kuti Nick amuombere chifukwa kundende safuna kubwererako. Kumbuyo kuja kunamveka kudandaula ngati pa maliro. Apolisi potsegula zikwama akupeza mapepala oduladula okhaokha, Donnie wathawa kale, ndipo tikumuonanso ali ku London akugulitsa mowa mu bala ina moyang'anana ndi malo a miyala ya dayamondi. Mayi wa beseni uja anangoti ndinanena ine, ofatsa ndi amene amaopsa.

Chinthu chimene sindinagwirizane nacho ngakhale pang'ono ndi ana. Ndinawerenga asanu ndi mmodzi, ena sanafike ndi zaka 10 zomwe, atakhala pansi kutsogolo kwenikweni pafupi ndi TV. Filimu iyi muli magazi, kutukwana, akazi ovula, ndipo DJ sanabise kalikonse, zina anachita kuonjezera. Kamwana kena kanatuluka kakuloza anzake ndi chala kakulira ngati mfuti, nthawi ili cha m'ma 9 usiku. Potuluka ndinamuuza mwini malo kuti achimwene, malo anu ndi abwino ndipo ndidzabweranso, koma anawa muziwabweza ikakhala filimu yotere, masana muziwaikira zawo. Anandimvera mwaulemu, anati vuto makolo ena amawapatsa okha ndalama kuti asawasokoneze kunyumba, koma aona. Ndidzayang'ana ndikadzapitanso.

Nde amene mukufuna kupita, pitani, K300 yanu siipita pachabe, chithunzi n'chowala, sipika siikokomeza, ndipo simudzapeza anthu okambirana filimu chonchija mutakhala nokha ndi foni. Mufike msanga kuti mupeze benchi ya pa zenera, mutenge madzi akumwa, ana muwasiye kunyumba. Mwini malo akuti gawo lachiwiri limene linatuluka mu 2025 alipeza kale lomasulira, aika Loweruka likubwerali. Ife tinatsikira pa chiwaya kudya tchipisi, a kabaza atatu anatitsatira ndi a Sajeni, nkhani inali yoti kodi Nick anamusiya dala Donnie kapena anapusitsidwadi, ndipo alamu anga amene anakhala chete filimu yonse ndi amene anakakamira kwambiri kuti anamusiya dala. Tinachokapo cha m'ma 10 wa chiwaya atayamba kuzimitsa moto.