Street Fighter 6 kapena Fatal Fury ya Ronaldo: pa PS4 ya ku Salima tiike iti?

Amene muli ndi PS4, kaya ya panyumba kaya ya m'kashopu kolipiritsa ana pa Kamuzu Road, mukudziwa kuti magemu atsopano a ndewu ayamba kutidumpha. Tekken 8 ndi Mortal Kombat 1 tiwaiwaliretu, chifukwa pa makina a Sony amafuna PS5. Mwa amene anatikumbukira, tiyang'ane awiri: Street Fighter 6 ya Capcom, yomwe inatuluka mu Juni 2023, ndi Fatal Fury: City of the Wolves ya SNK, ya mu Epulo 2025. Thumba likalola disiki imodzi yokha, apa ndi pamene mkangano umayambira, ndipo nthawi zambiri umathera pa dzina limodzi: Cristiano Ronaldo.

Inde, Ronaldo yemweyo wa Al Nassr ali mu Fatal Fury, akumenyana ndi Terry Bogard ndi Rock Howard, akatswiri a gemuyi. Amaponya mateche, amathamangitsa mpira kumaso kwa mdani, ndipo kudumpha kwake kuja kokondwerera chigoli kulimonso. Sali yekha. Mulinso Salvatore Ganacci, DJ wa ku Sweden wobadwira ku Bosnia, amene ambiri a ife tinamudziwira m'gemu momwemo. Awiriwa ali m'gulu la omenya 17 oyambira, salipiridwa padera.

Street Fighter 6 nayo ili ndi alendo. Terry Bogard analowa mu Seputembala 2024, Mai Shiranui n'kutsatira mu Febuluwale 2025, onse ochokera ku Fatal Fury komweko. Aka kanali koyamba kuti Street Fighter yeniyeni, ya manambala, ilandire omenya a kampani ina. SNK inabwezera ulemu potenga Ken ndi Chun-Li. Ndiye magemu onse awiri ali ndi alendo, koma alendowo sanalowere khomo limodzi, ndipo kwa ine kusiyana kwagona pamenepa.

Terry kulowa mu Street Fighter n'zodabwitsa kwa amene sadziwa mbiri yokha. Takashi Nishiyama ndiye anatsogolera Street Fighter yoyamba ku Capcom mu 1987. Atachoka anapita ku SNK, n'kukapanga Fatal Fury ya 1991, chaka chomwecho chimene anzake otsala ku Capcom anatulutsa Street Fighter II. Ryu wa Street Fighter ndi Terry ndi ana a bambo mmodzi. Makampani awiriwa anamenyanitsapo kale anthu awo mu Capcom vs. SNK ya 2000 ndi yotsatira yake ya 2001. Mukamusewera Terry wa mu Street Fighter 6 mumaona kuti amene anamukonza anakula akumusewera: Power Wave, Burn Knuckle, Buster Wolf, zonse zili m'malo mwake, koma zalukidwa bwino ndi dongosolo la Drive, geji ya mphamvu ya gemuyi. Anabwera ngakhale ndi bwalo lake, Pao Pao Cafe, malo akale a ku South Town, mzinda wa mu Fatal Fury.

Ronaldo alibe mbiri iliyonse ndi South Town. Kuti mumvetse chimene akuchitamo, yang'anani mwini kampani. SNK inagwa mu 2001, inadzukanso pansi pa dzina la Playmore, inadutsa m'manja mwa amalonda a ku China, ndipo pofika 2022 magawo 96 pa 100 aliwonse anali a kampani ya pansi pa Misk Foundation, bungwe la Mohammed bin Salman, kalonga wa ku Saudi Arabia. Ronaldo wakhala akusewera mpira ku Riyadh kuyambira Januwale 2023 ndipo ndiye nkhope yaikulu ya ligi ya kumeneko. Ine kuwerenga kwanga n'kwakuti dzina lake linatsika kuchokera kumwamba, opanga gemu n'kupatsidwa ntchito yolipezera malo. Chimene chimandilimbitsa maganizo ndi mmene anatulukira: pa tsiku loyamba analibe nkhani yake mu Arcade, gawo la wosewera yekha, ndipo mawu amene amalankhula m'gemumo si ake, ndi a munthu wina. Pamene Ronaldo ndi Ganacci anapeza mipando ya pachiyambi, Andy Bogard ndi Joe Higashi, amene anayamba ndi Terry mu 1991, anadikirira kubwera pambuyo ngati owonjezera. Anthu amene anadikira zaka 26 chichokereni Garou: Mark of the Wolves ya 1999, Fatal Fury yomaliza iyi isanatuluke, anali ndi chifukwa chodandaulira.

Mmisiri akhoza kumanga nyumba ndi manja ake kuyambira pa maziko mpaka malata, koma wosankha alendi ndi landilodi. Nishiyama anayambitsa magemu onse awiriwa ndipo palibe imodzi imene ili yake. Hideo Kojima, mmisiri wina wa magemu, anapanga Metal Gear ku kampani ya Konami kwa zaka pafupifupi makumi atatu, koma atasiyana ndi Konami mu 2015 anachoka chimanjamanja. Konami inatulutsa Metal Gear Survive mu 2018 iye kulibe. N'chifukwa chake kampani yatsopano ya Kojima inaonetsetsa kuti gemu yawo ya Death Stranding ikhale yawoyawo, zimene analengeza mu Novembala 2024. Osewera mpira wa pa TV izi mumazidziwa kale mwanjira ina: FIFA 20 inalibe Juventus, inali ndi Piemonte Calcio, chifukwa Konami inali itagula dzinalo. Ronaldo yemweyu ndiye ankasewera mu Piemonte Calcio imeneyo.

Ndisanamizire kuti Capcom ndi oyera. Thumba la ndalama la boma la Saudi Arabia linagulanso magawo opitirira 5 pa 100 aliwonse a Capcom mu 2022. Koma kukhala ndi kachigawo n'kosiyana ndi kukhala ndi kampani yonse, ndipo pa mndandanda wa omenya a Street Fighter 6 simuona dzanja la munthu wa kunja. Takayuki Nakayama, wotsogolera gemuyi, ndi gulu lake anayamba ndi anthu 18, akale monga Ryu, Guile, Zangief ndi Dhalsim, pamodzi ndi atsopano monga Marisa, Manon ndi JP, ndipo aliyense amaoneka kuti anabadwira m'gemumo. Mu Juni 2025 anabwezeretsanso Elena wa ku Kenya, uja wa mateche okhaokha amene anayamba mu Street Fighter III ya 1997. Ndi wongolipira padera, n'zomvetsa chisoni, poti ndiye woyandikana nafe kwambiri.

Tsopano za pa padi, poti mwana wobwera ndi ndalama ya raundi imodzi za Misk Foundation alibe nazo ntchito.

Onse awiri ali ndi njira yofewetsa mabatani. Street Fighter 6 imaitcha Modern: batani limodzi ndi mbali imodzi, Hadoken, moto uja woponya wa Ryu, watuluka, ngakhale mphamvu yake imachepako pang'ono poyerekeza ndi wochita kuzunguza chala. Fatal Fury imaitcha Smart Style. Ya Capcom ndiyo yakupsa, moti anthu amafika nayo mpaka m'mipikisano ikuluikulu. Ya SNK imathandiza tsiku loyamba, koma imabisa zina mwa zida za womenya wako, ndiye ukafuna kukula uyenera kusamukira ku Arcade Style basi. M'shopu mmene mapadi amakhala otopa, mbali ina ya D-pad itayamba kale kukana, zimenezi si nkhani yaing'ono. Modern imapulumutsa padi yokalamba.

Pa kamenyedwe, Fatal Fury ndi gemu yabwino kuposa mmene nkhani ya Ronaldo imaionetsera, ndipo izi ndikunena motsindika. Dongosolo lake la REV limakulola kulumikiza zida zamphamvu motsatizana, koma geji ikadzadza womenya wako amatenthedwa ndipo umatsala wopanda pothawira. S.P.G. imakupatsa kusankha chigawo cha moyo, poyamba, pakati kapena pothera, pamene ukhale wamphamvu kwambiri. Just Defense, kutchinga pa kamphindi komwe nkhonya ikufika, inachokera ku Garou ndipo imakoma ukaigwira. Ndi gemu ya anthu ofuna kukhala pansi n'kuphunzira. Street Fighter 6 imapereka geji ya Drive yodzadza raundi isanayambe, ndipo Drive Impact, nkhonya yamphamvu ija yowaza utoto pa sikirini, ngakhale wobwera lero amaimvetsa pa raundi yachiwiri. Owonerera kumbuyo amakuwa pomwepo. M'kashopu phokoso limenelo ndi limene limaitana ena a panja.

Wosewera yekha kunyumba, makamaka kumene netiweki imavuta monga mbali zina za ku Lifuwu kapena Chipoka, apeza zambiri mu Street Fighter 6. World Tour imakulola kupanga munthu wako, kuyenda m'misewu ya Metro City, kuphunzira kwa Chun-Li ndi Luke, ngakhale kuputa ndewu ndi wongodutsa. Pa PS4 imachedwa kutsegula ndipo zithunzi zimafooka, koma imayenda. Episodes of South Town ya Fatal Fury ndi mapu chabe odinapo malo a ndewu, imatha kukoma msanga.

Chenjezo limodzi likukhudza onse awiri, ndipo ndi limene limapweteka anthu ogula madisiki ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Lilongwe kapena ku Joni. Omenya owonjezera amamangika ku akaunti, sakhala pa disiki. Fatal Fury inagulitsidwa pamodzi ndi Season Pass yoyamba, phukusi la omenya owonjezera la Andy, Ken, Joe, Chun-Li ndi Mr. Big, koma ngati mwini woyamba anailowetsa kale pa akaunti yake, inu mutsala ndi 17 aja. Terry, Mai ndi Elena nawonso muyenera kuwagula pa PlayStation Store, imene ilibe chigawo cha Malawi. Ambiri timatsegula akaunti ya South Africa kapena America n'kugula makadi, ndipo chigawo cha akauntiyo chiyenera kugwirizana ndi cha disiki. Onjezanipo ma update a magigabaiti ambirimbiri, oti magetsi akathima pakati umangopemphera kuti apitirire pomwe analekera. Apa pokha ndi pamene chisankho cha eni a SNK chimatikomera ife: mlendo wawo wamkulu ndi waulere, pamene alendo abwino a Capcom ali kuseri kwa ndalama ya kunja.

Kwa achimwene a kashopu, ndiye, nkhani ili motere. Mukalemba pa bolodi panja kuti muno Ronaldo akumenya anthu, sabata yoyamba mudzasowa pokhazika ana, ngakhale akabaza oima pa depoti adzasuzumira. Koma ana amenewo ndi a mpira, ndipo akamuona kawiri katatu akudumpha abwerera ku eFootball ndi FC kumene Ronaldo amagoletsa zigoli zenizeni. Otsala ndi okonda ndewu, ndipo iwo amafuna gemu imene mnzawo watsopano angalowemo lero n'kupambanako raundi. Imeneyo ndi Street Fighter 6, ngakhale ya anthu 18 okha popanda wowonjezera aliyense. Ine ndalama yanga ndingaike pamenepo.

Fatal Fury ndingaipereke kwa munthu mmodzi: uja anakulira pa Garou ndi The King of Fighters za pa emulator, ali ndi mnzake wokhazikika wosewera naye madzulo aliwonse, ndipo sakhumudwa kuluza mwezi wonse akuphunzira Just Defense. Ameneyo agule disiki yatsopano yosatsegula kuti Season Pass ikhale yake, asankhe Rock Howard kapena Hotaru, Ronaldo amusiyire alendo obwera kudzacheza Loweruka.