Ofesi yopezera alendo nyumba kumidzi inandithandiza, ngakhale inandibisira zina

Bungwe lomwe ndinadzipereka kuligwirira ntchito popanda malipiro litandiuza kuti ndikathandize kuphunzitsa ana pasukulu ina ya pulayimale m'boma la Mutoko ku Zimbabwe, linanenetsanso kuti za pogona ndione ndekha. Ndinali nditangofika ku Harare kuchokera ku Dedza, ndipo achibale omwe ndinafikira ku Mufakose, zidzukulu za agogo amene anabwera kuno ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi kudzagwira ntchito m'mafamu, anandilozera ofesi ina yaing'ono pafupi ndi msika ndi depoti ya mabasi ya Mbare Musika, yomwe imapezera aphunzitsi, anamwino ndi anthu ongodzipereka nyumba zogona kumidzi.

Mayi amene amayendetsa ofesiyi amalankhula Chichewa ndi Chishona mofanana, ndipo chinthu choyamba chimene anandiuza ndi chomwe ndimawayamikira nacho mpaka lero. Anati kumidzi ya kuno malo sagulitsidwa, ndipo mlendo sangangolowa m'nyumba chifukwa walipira lendi, koma ayenera kuonekera kaye kwa a sabhuku, omwe udindo wawo ndi wofanana ndi wa nyakwawa kwathu. Sanangondiuza pakamwa chabe ayi. Anandipatsa mnyamata wawo kuti andiperekeze, ndipo tinakwera basi pa Mbare Musika kulowera msewu wa ku Nyamapanda, womwe ndinadzera pobwera kuchokera kwathu kudutsa ku Tete. Titayenda makilomita pafupifupi 140, mnyamatayo ananditengera kwa a sabhuku tisanaone n'komwe nyumbayo, anandiphunzitsa kuomba m'manja mwa chikhalidwe cha kumeneko, ndipo ndi amene anandimasulira mawu, popeza Chishona cha Abudya a ku Mutoko chimasiyanako ndi chimene ndinkamva m'tauni. Tsiku lomwelo a sabhuku anauza anthu kuti ndine mwana wawo, ndipo kuyambira pamenepo sindinasowe wondibwereka khasu kapena wondipatsa tomato ndi mango, zomwe derali limadziwika nazo.

Pa nyumba yeniyeniyo ndi pomwe ofesiyi inandikhumudwitsa. Zithunzi zomwe ananditumizira pa WhatsApp zinali zoona ndithu, chifukwa nyumbayo inali ya njerwa zootcha ndi denga la malata monga zinaonetsera, koma wojambulayo anasankha bwino poimirira. Mawu akuti magetsi alipo ankatanthauza kasola kamodzi kokwanira kutchajira foni ndi kuyatsa babu limodzi. Chimbudzi, chomwe ndi cha mtundu wa Blair, chokhala ndi paipi yotulutsa fungo, tinkagwiritsa ntchito mabanja atatu. Chovuta kwambiri chinali madzi, pakuti chitsime cha pakhomo chimene anandilonjeza chinaphwa mu Okutobala, ndipo ndinayamba kulawirira ku mjigo womwe unali kuseri kwa phiri, ndowa ziwiri pa wilibala yobwereka. Munthu amene wapezera anthu ambiri nyumba m'dera limeneli sangalephere kudziwa kuti zitsime zake zimauma m'chilimwe, choncho ndikukhulupirira kuti anangosankha kukhala chete.

Nkhani ya ndalama nayonso sanaifotokoze. A ku ofesi ndinawalipira pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, popanda vuto, koma mwini nyumba ankafuna madola a ku America m'manja, ndipo anakana ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe yomwe inayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024. Popeza kumudzi chenji chimasowa, mwezi uliwonse ndinkayenera kupita pa Mutoko Centre kukasaka timadola tating'onoting'ono.

Nditadandaula, panapita masabata awiri asanandiyankhe, koma atayankha anaimbira foni mwini nyumba ndipo lendi inatsitsidwa kwa miyezi yonse yopanda madzi. Mnzanga wa ku Mchinji amene akupita ku Murehwa chaka chamawa ndamupatsa kale nambala yawo, pamodzi ndi pepala la mafunso okhudza madzi, magetsi, chimbudzi ndi mtundu wa ndalama, ndipo ndamuuza kuti mayankho ake awalembetse pa pepala la mgwirizano asanapereke kalikonse.