Nkhani yosamaliza muiike pati: Wattpad, AO3, WhatsApp kapena Google Docs?

Chifukulireni nkhani yanga yakale ija, ya mtsikana wogulitsa masitiroberi pa msewu wa Ku Chawe, anzanga a ku Chanco sakundipatsa mpata. Onse akufunsa komwe angaike zawo zosamaliza. Ndiyankhe kamodzi pano. Musayambe n'kufunsa komwe kuli owerenga ambiri. Funsani kuti tsiku lomwe mudzaifune nkhaniyo, mudzaitulutsa bwanji.

Ine yanga ndinkailemba pa tsamba lina lomwe linkati ndi laulere, dzina sinditchula. Nditabwererako patapita zaka, mitu yonse inalipo. Mtsikana uja anali chiimire pa depoti kudikira minibasi ya ku Liwonde, pansi pake owerenga wina atalemba kuti "nanga mutu wotsatira uli kuti aise?" Koma pa batani lotsitsira anali atamatapo kachithunzi ka loko. Kungolikhudza, akuti lipirani mwezi ndi mwezi, pa khadi ya kubanki, m'madola. Madola, muno m'Malawi! Kukopa mawuwo anatsekanso. Ndinachita kujambula tsamba ndi tsamba pa foni n'kutaipanso ndime iliyonse ngati nkhani ya mwini. Polowa sananene zoti kutuluka n'kolipira, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Pa mfundo imeneyi AO3 (Archive of Our Own, tsamba la pa intaneti loikapo nkhani) ilibe mnzake. Inatsegulidwa mu 2009, imayendetsedwa ndi bungwe losapanga phindu la Organization for Transformative Works, ilibe zotsatsa malonda, ndipo nkhani mumaitsitsa ngati PDF kapena EPUB osalipira kanthu. Chomwe chimandisangalatsa n'choti yosamaliza siichititsa manyazi: imangolemba kuti 7/?, kutanthauza mitu isanu ndi iwiri, inayo Mulungu adziwa. Vuto ndi loti muyenera kudikira chiitano kuti mutsegule akaunti, komanso kwenikweni ndi bwalo la okonda kulemba nkhani zochokera ku mafilimu ndi mabuku a ena. Nkhani ya Chichewa ya ku Matawale mukhoza kumangoiwerenga nokha.

Wattpad, tsamba lina loikapo ndi kuwerengapo nkhani lomwe linayamba ku Toronto mu 2006 n'kugulidwa ndi kampani ya Naver ya ku South Korea mu 2021, imakoma pa ndemanga. Owerenga amayankha pa ndime yeniyeniyo, ndiye mumadziwa pomwe anaseka ndi pomwe anatopa. Koma zotsatsa malonda zimadya bandulo, ndipo mu 2024 anachotsa mauthenga apaokha pakati pa olemba ndi owerenga.

Owerenga athu enieni ali pa WhatsApp, palibe chobisa. Gulu limodzi limalowa anthu 1024, bandulo yake ndi yotsikirako mtengo, ndipo mukaponya mutu madzulo, mawa mupeza achemwali a ku Chinamwali akukalipira mnyamata wa m'nkhanimo ngati mlamu wawo. Kungoti pakatha mlungu mutuwo umakwiririka ndi zithunzi za ukwati ndi mauthenga a maliro. Akauntinso ikakhala masiku 120 osalumikizidwa, amatha kuifufuta. Facebook ndiye musaidalire posunga: omwe ankalemba mu Notes anaona okha mu 2020 gawolo litatsekedwa.

Google Docs ilibe owerenga, ndi nkhokwe chabe, ya 15 GB yaulere, ndipo fayilo mumaitsitsa nthawi iliyonse. Koma inu oiwala nkhani zaka zambirimbiri mumve izi: kuyambira mu Disembala 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osalowamo, pamodzi ndi zonse zili m'menemo.

Ine pano ndikulembera mu Google Docs, kutsitsa kope pa fulashi mutu uliwonse ukatha, kenako kuponya pa WhatsApp Loweruka. Tsamba lililonse latsopano lomwe mungandiuze, ndiyamba ndaikapo ndime imodzi n'kuyesa kuitsitsa. Likandifunsa khadi, ndatuluka.