Famasi yofunsa za impso isanakugulitse mankhwala

Famasi ina ku Limbe, komwe ndimagula mankhwala a bambo anga, ndaikonda chifukwa mayi amene amapereka mankhwala pamenepo sathamangira kulandira ndalama. Bambo ali ndi matenda a shuga ndipo amamwa metformin. Nditapereka kapepala ka adokotala, mayiwo anafunsa kaye zotsatira za magazi, makamaka creatinine ndi eGFR, miyezo yosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito. eGFR ya bambo inali 38.

Anandifotokozera mosafulumira. Metformin sagayidwa m'chiwindi, impso ndi zimene zimamusefa n'kumutulutsa kudzera mu mkodzo. Impso zikafooka, mankhwala amatsalira m'magazi n'kumaunjikana ngakhale munthu akumwa mlingo womwe uja wakale. eGFR ikatsika pansi pa 45 mlingo umachepetsedwa, kawirikawiri osapitirira 1000 mg patsiku. Ikafika pansi pa 30 amasiyiratu, poopa kuti asidi angachuluke m'magazi. Pomwepo anaimbira foni adokotala, ndipo iwo anavomera kuchepetsa.

Ndinkafunanso brufen wa mawondo a bambo. Anakanitsitsa. Brufen ndi diclofenac amachepetsa magazi opita ku impso, choncho kwa bambo panado ndiye wabwino. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa mankhwalawa timangogula pagolosale popanda wotifunsa kanthu.

Chodandaulitsa ndi mzere. Madzulo anthu amadzaza, mipando ndi yochepa, okalamba amaimirira nthawi yaitali. Mitengo nayo ndi yokwererapo. Mukamapita, tengani buku la kuchipatala ndi zotsatira za magazi zaposachedwa.